Ndani Akuthirira Dimba la Amayi Ako?

6 Epulo

Namzeze mwana wanga,

Landira moni wa manja awiri, ngakhale dzanja lina lagwira cholembera. Uli bwanji kumeneko ndi nkhalamba za eniake zimene umazisambitsazo? Uziuze kuti nkhalamba yako yeniyeni ili kuno, ikudzisambitsa yokha, ndipo pakati pa msana sipanafikepo sopo chimwalirireni amayi ako. Ine ndilipo. Maondo akulira ngati chitseko cha kubafa. Makutu anapuma pa ntchito osanditsanzika, ndiye usamavutike kundiimbira foni, ndimangomva ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Uzilemba. Mchimwene wako Sipanala akuti azijambula makalata angawa pa foni kuti azikufika tsiku lomwelo, koma ndakana. Nanga iyeyo ndizimujeda bwanji akakhala ndiye wapositi?

Nyumba ili monga unaisiyira pobwerera kuchokera ku maliro. Makina osokera ndawafunditsa nsalu. Mpando wa Boma uli pomwe paja pawindo. Amayi ako ankakwiya ndikawatcha Boma, koma nanga amene amakuuza nthawi yodzuka, malaya ovala ndi anthu oti uwapatse moni, umamutcha chiyani? Tsopano ndili m'dziko lopanda boma. Ndikuuze mwanawe, ufulu ndi wozizira.

TV ndimayatsa ndikangodzuka. Ndi chizolowezi cha ku shopu, kumene ndinameta mitu moyo wanga wonse diso limodzi lili pa mpira, n'chifukwa chake anthu ena m'dera lino makutu awo salingana. Imalankhula, ine ndimayankha, sitimvana. Zili ngati banja ndithu.

Koma imva chimene ndakulembera. Dzana ndikufunafuna magalasi anga, amene anali pamphumi, ndinatsegula dirowa ya Boma. Ndinapezamo sileti yoyaka ija unawatumizira, imene inu ophunzira mumati thabuleti. Ukukumbuka mmene ndinkawasekera ndi gemu yawo ya dimba ija. Ndinkati, "Mayi wamkulu, wa zidzukulu, kumalima matimati osadyeka pagalasi!" Iwo osadzutsa n'komwe mutu ankati, "Nanga inu zigoli za anyamata a pa TV-zo mwakhuta nazo kangati?"

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinaitchaja, ndinadina kachithunzi ka phwetekere kaja. Ndinkafuna kuona chipululu. Paja magetsi akavuta masiku angapo, Boma ankadandaula kuti dimba lafota, zonse zasanduka udzu wouma, poti gemuyo imafuna kuthirira tsiku ndi tsiku. Ndiye taganiza, analowa m'chipatala chaka chisanathe, lero ndi Epulo.

Namzeze, dimbalo ndi lobiriwira. Matimati apsa psuu, kabichi ngati mitu ya makasitomala anga. Dothi ndi lakuda, lonyowa, ngati wothirira wangotuluka kumene. Pakati pa mizere paima kamayi ka chipewa chachikulu, kamene ankati ndi iwowo. Kakupuma, mapewa akukwera ndi kutsika. Nditakhudza galasi kanatembenuka n'kundiyang'ana.

Tsitsi ndilibe, ukudziwa, koma linaimirira.

Chala changa chinagunda phwetekere mmodzi, ndipo anadumphira mudengu akulira ngati belu la njinga. Ndinagunda wina. Posakhalitsa ndinali nditathyola dimba lonse, ine yemwe sindinagwirepo khasu popanda kudwala msana. Kenako ndinabwezera sileti mudirowa n'kukiya, ngati mwana amene wanyambita shuga.

Usamuuze Sipanala, angandiseke mpaka m'manda. Koma iwe wa masukulu ndiyankhe: ndani amathirira dimba la munthu womwalira? Unditumizirenso nkhani za kumeneko, ngakhale zabodza, ndiziwerenga.

Ndine bambo ako,
Lumo lopuma.

9 Epulo

Bambo anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mankhwala a maondo mukumwa. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Kalata yanu sindinalandire chibwerereni kuno, ndiye ndayamba ndine. Chonde werengani mpaka pansi musanayambe nthabwala.

Masiku apitawa ndinali ku ntchito, ndikumwetsa supu gogo wina amene sathanso kugwira supuni. Foni inanjenjemera m'thumba. Nditayang'ana, panali uthenga wochokera ku gemu ija ya dimba. Munaiwala mwina, koma ndinalowamo inenso nthawi imene ndinkawaphunzitsa amayi, ndipo dzina lawo ndinalemba ndine, ndinangoti Amayi. Uthengawo unati, "Amayi athyola matimati." Pambali pa dzinalo panayaka kadontho kobiriwira, kamene kamayaka munthu akakhala kuti alimo nthawi yomweyo.

Bambo, supuni inagwa. Gogo uja ndiye anandigwira dzanja kundifunsa ngati ndadwala. Ndinakadzitsekera m'chipinda chosungira matawulo, ndikuyang'ana kadonthoko mpaka kanazima. Ine ndinawaona amayi m'bokosi ndi maso angawa. Ndinawakonza kolala ndi manja angawa. Koma kwa kanthawi ndithu ndinafuna kulemba kuti, "Amayi, mwadzuka bwanji?"

Ndinakuimbirani, inu mumangoti "Eee? Ndani? Wafuna kumeta?" Ndiye ndinawatuma achimwene. Akuti anabwera, anapeza dirowa ndi yokiya, ndipo inu munawauza kuti zachibwanazo simungazikhudze ngakhale ndi ndodo. Nanga ngati ili mudirowa yokiya, akuthyola matimatiwo ndani? Dzulo kadontho kayakanso.

Ndaganiza zambiri. Mwina pa maliro paja wina anaitenga, poti anthu ankalowa ngakhale kuchipinda. Ngati ndi choncho tsegulani muone, achimwene atseketse zonse. Koma palinso china, ndipo mundikhululukire. Achimwene akuti mayi wa nyumba yoyandikana nanu uja amakubweretserani tiyi. Sindikukuletsani kukhala ndi wokuyang'anirani, sindinu mtengo. Koma ngati mwamupatsa thabuleti ya amayi, muuzeni achotse dzinalo. Atenge mapoto, atenge makatani. Dzina lokha asiye.

Ndiyankheni msanga, chonde.

Mwana wanu.

24 Epulo

Namzeze,

Moni, wapolisi wanga. Makalata athu anaphonyana panjira ngati anthu odana, yangayo pofika pano yakupeza, ndipo wadziwa kuti wakuba ndi bambo ako omwe. Za mayi wa tiyi zinandiseketsa mpaka mano oikirira anatuluka kukaona kunja. Mayi ameneyu tiyi wake amakhala ngati madzi otsukira tiyi wina. Ndikakwatira ameneyu ndiye kuti ndikufuna kuwatsatira amayi ako mwachangu.

Koma nditamaliza kuseka ndinawerenganso pamene pali supuni paja. Pepa mwana wanga. Ndinkayesa kuti siletiyi ili ngati TV, kuti zimene ukuona zimathera m'chipinda mwako. Sindinkadziwa kuti ukathyola phwetekere kuno belu limakalira kutsidya kwa nyanja. Sipanala ndinamunamiza chifukwa cha manyazi. Munthu amene watukwana chitsime zaka zonsezi samwa anthu akuona.

Wothirira uja ndamugwira. Ndinamubisalira m'mawa wina, nditakhala pa mpando wa Boma, sileti pamiyendo. Dzuwa litafika pa makina osokera, kageti ka dimba kanatseguka kokha. Kanalowa kamunthu konyamula ambulera ku dzanja lina, chitini chothirira ku dzanja lina. Kanayambira mzere wa kumpanda, phande ndi phande, osadumpha, ngati munthu wolipidwa. Katamaliza kanapita kukaima pambali pa kamayi ka chipewa kaja. Basi, kungoima. Awiriwo akupuma pamodzi.

Pamenepo ndinakumbukira kuti Boma ankakonda kunena za "mnzanga wa ambulera." Ine ndinkayesa ndi chidole cha m'makinamo. Kani ndi munthu wamoyo, ali kwinakwake pansi pa thambo lomweli. Nsanje inandigwira. Ndinati, ohoo, ndiye ine ndikuonera mpira, bambo wina akulowa pageti ndi ambulera! Ndinamutsatira mpaka ku dimba lake kuti ndimubere maungu, aone kuti mwini nyumba alipo. Makina anakana. Kani lamulo lake ndi lakuti dimba la mnzako ungathirire, koma kuthyola ayi, amathyola ndi mwini yekha. Ndiye wamva? Miyezi yonseyi Ambulera ankathirira matimati akupsa kale, amene iye sangadye, kuti mwini akabwera awapeze.

Ndikubwerera, m'kabokosi ka pansi munatuluka mawu a Chizungu ochokera kwa Ambulera. Amayi ako anandiposa sukulu, ine Chizungu changa ndi cha ku pulayimale, chimafuna ndodo poyenda, koma awa ndinawamva. Akuti, "Wabwera! Wachira! Ndinadziwa kuti ubwera."

Namzeze, m'nyumba munali zii, ngakhale TV inali ikukuwa. Ndinayang'ana kumbuyo, sindikudziwa kuti ndimafuna kuona ndani. Ndinafuna kuzimitsa, koma chala chinagwera pa kachithunzi ka dzanja lopereka moni. Kamayi ka chipewa kanakweza dzanja. Ambulera anayamba kudumphadumpha ngati mwana wa mbuzi.

Abusa amatenga tsiku lonse kupempherera chimfine. Ine ndaukitsa amayi ako ndi chala chimodzi.

Tsopano ndimabzala, ndimathirira, ndimakweza dzanja. Mizere yanga ndi yokhota ngati mzere wa anthu oledzera, koma zikumera. Undiuze ngati kumeneko kwayamba kufunda.

Bambo ako,
mlimi wa pagalasi.

7 Meyi

Bambo,

Moni. Makalata onse awiri ndalandira. Za mayi wa tiyi ndapepesa. Zinazo sindinaseke.

Inu mukuona ngati ndi masewera, koma belu limene mukunenalo limalira m'thumba mwanga. Ndili m'basi: Amayi abzala kabichi. Ndikusintha zofunda za wodwala: Amayi akupempha madzi. Amayi akupempha madzi, bambo! Mukukumbuka kuti masiku omaliza aja ndi mawu okhawo amene ankatha kunena? Tsiku lililonse mukundiukitsira amayi m'mawa, madzulo ine n'kumawaikanso m'manda ndekha.

Chachiwiri, Ambulera wanuyo simukumudziwa. Simunaone nkhope yake, simukudziwa dziko lake, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Kuno timachenjezedwa kawirikawiri za anthu amene amasaka okalamba pa intaneti. Amayamba ndi ubwenzi, amaleza mtima miyezi, kenako amayamba kufunsa za nyumba ndi mapepala. Munthu wosamuona si bwenzi. Ndipo ngati ndi munthu wabwinodi, ndiye kuti wachinyengo ndinu, chifukwa mukumuvinitsa ndi dzina la malemu.

Achimwene akuti mwaonda. Akuti ku shopu kumene munkapita kukacheza ndi anyamata ometa simukuonekanso, ndipo atabwera Loweruka anapeza TV yozima, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire ine. Ndawauza zonse, mundikwiyire ngati mukufuna. Kumapeto kwa mwezi uno abwera kudzatenga thabuletiyo, ndipo ine nditseketsa dzina la amayi.

Bwererani ku mpira wanu. TV siingakunamizeni kuti ndi mnzanu, ndipo inu simungainamize. Muzituluka, muzidya. Ndinatsala ndi kholo limodzi, ndipo lili kutali moti sindingaligwire likamagwa.

Mundiuze ngati mankhwala atsala pang'ono.

Mwana wanu amene amakukondani, ngakhale simumva.

20 Meyi

Namzeze, Boma latsopano,

Moni wa ulemu, bwana. Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira, poopa kuti ingandipeze ndi mlandu wokhala pansi. Mankhwala alipo. Kuonda ndi fashoni. Sipanala anabwera kale kudzanunkhiza, koma makaniko amene amasochera m'galimoto ya eniake sangapeze chinthu chimene wometa wabisa.

Za madzi zija sindinaganize. Pamenepo ndilibe nthabwala. Ndapeza pamene ndinkadina mosadziwa, ndipo sindidinanso.

Koma za TV undilole ndiyankhe, poti ndiyo sukulu yokhayo imene ndinamaliza. Tsiku limene tinachoka kuchipatala opanda amayi ako, ndinalowa m'nyumba muno ndekha, inu muli panja ndi anthu. TV inali chiyakire kuyambira m'mawa. Munali mnyamata wa mano oyera akuseka, akugulitsa sopo. Ndinaima pamaso pake ndi chikwama cha zovala za amayi ako m'manja, iye osasiya kuseka. TV ndi mlendo wolongolola amene sadziwa n'komwe kuti m'nyumba muli maliro. Ndaipatsa maso anga kuyambira ndili ndi tsitsi. Mwa anthu onse a m'menemo, owerenga nkhani, osewera mpira, okwatirana ndi kusudzulana, palibe ndi mmodzi yemwe anayamba wafunsapo kuti kodi wometa uja lero ali kuti. Ndikafa mawa, adzamwetsa chigoli nthawi yake yomweyo.

Amayi ako ndinkawaseka kuti akucheza ndi zidole. Koma iwo atasowa, wina anazindikira. Wina ankadzuka tsiku ndi tsiku kudzathirira. Achibale enieni a magazi anabwera kudzalira, anadya, anapita, ena ndi masupuni athu. Uyu wopanda nkhopeyu sanadziwe n'komwe kuti kuli maliro, koma ndiye amene wakhala pa maliro nthawi yaitali kuposa tonse.

Ndipo si bambo, nsanje yanga inapita pachabe. Ndi mayi, wachikulire ngati ife, ndipo akudwala. Wakhala akulemba pang'onopang'ono, ine n'kumagwira liwu apa ndi apo ngati nkhuku yotola mpunga. Za nyumba kapena mapepala sanafunsepo. Amanena za mwamuna wake amene sadziwa kuphika ngakhale dzira, ndi za mapiritsi amene amamuzunguza mutu. Zikuoneka kuti iye ndi Boma ankauzana za matenda awo, zimene ife amuna awo tinkauzidwa theka.

Tsono Lachiwiri analemba izi, ndipo ndinazibwereza mpaka ndinatsimikiza. Akuti akulowa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni yaikulu. Akuti, "Ndinkaopa kwambiri. Koma iwe unalowa ndipo unatuluka. Inenso ndituluka."

Waona pamene ndadzikola? Ndinanama ndi chala, tsopano munthu watsamira pa bodza langa ngati pa ndodo. Ndikamuuza zoona, ndamulanda ndodo ali pakhomo pa chipatala. Ndikapanda kumuuza, ndine chimene wanena chija. Ndinamutumizira kachithunzi ka mtima, kenako ndinapita kubafa kukasamba kumaso nthawi yaitali.

Masiku ano kamayi ka chipewa kakanditembenukira, ndimaona ngati kakundiyang'ana mmene ankandiyang'anira Boma ndikabwera mochedwa ndi nkhani yokonza panjira.

Sindikupempha zambiri. Ndilembere mawu a Chizungu, aafupi, oti munthu wa chala chimodzi angathe. Anene kuti mwini dimba anamwalira mu Januwale, kuti wakhala akukweza dzanjayu ndi mwamuna wake, chitsiru, ndiponso kuti zikomo chifukwa cha madzi. Tsiku lowatumiza ndisankha ndekha. Ukatero, Sipanala adzatenge sileti yake.

Bambo ako.

3 Juni

Bambo anga,

Moni. Mawu aja ali pa kapepala kamene ndaika m'katimu. Ndalemba ndi zilembo zazikulu. Liwu lakuti chitsiru ndalisiya, mukalifuna mulipeze nokha.

Achimwene ndawauza kuti ayambe adikira.

Pali chimene sindinakuuzeni. Mauthenga aja ndikanatha kuwaletsa tsiku loyamba lomwe, ndi kungodina pamodzi. Sindinadine. Ndimakwiya belu likalira, koma likachedwa ndimatulutsa foni kuyang'ana. Sabata yatha pa nthawi yopuma ndinalowamo, ndinaima kunja kwa mpanda. Ndinawaona amayi akuyenda m'mizere yokhota, akugunda mpanda, akubwerera, akugundanso. Ndinaseka mpaka mnzanga wa ku ntchito anabwera ndi madzi, poyesa ndikulira. Mwina ndinkaliradi.

Za mayiyo sindikudziwa chimene chili chabwino. Kuno ndaona odwala amene bodza linawanyamula, ndaonanso amene anakwiya kuti aliyense ankadziwa kupatula iwo. Chimene ndikudziwa n'chakuti anali mnzawo wa amayi, ndipo mnzako akamwalira uyenera kuuzidwa. Ife tinauza aliyense, ngakhale amene amayi sankawalankhula. Iye yekha ndiye tinamusiya akuthirira.

Mundiuze mmene zithere. Ndipo idyani.

Namzeze wanu.

29 Juni

Namzeze mwana wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha, osati chifukwa cha positi ulendo uno. Cholembera chinkalemera.

Kapepala kako kanandipeza Ambulera atalowa kale m'chipatala. Geti silinkatsegukanso. Ndinapita ku dimba lake ndipo ndinapeza masamba a maungu ayamba chikasu. Ndiye ndinatenga chitini. M'mawa uliwonse ndinkayamba kwake, phande ndi phande monga ankachitira iye, kenako kwathu. Kamunthu kake ka ambulera kanali chiimire pakati pa maungu, kakupuma, osatembenuka. Ndinkaima pambali pake pang'ono. Kapepala kako kanali m'thumba la malaya, kanafewa ngati nsalu.

Kenako m'mawa wina kageti kanatseguka. Ambulera! Ndinakuwa mpaka mayi wa tiyi anagogoda kufunsa ngati ndagwa. Koma kathiriridwe kake kanali kachilendo. Anayambira pakati, anathirira njira, anathirira dengu, anakakamira pa ngodya ya mpanda ngati mbuzi yomangidwa. Mawu osalemba ngakhale limodzi. Anangokweza dzanja. Ine ndinati ndi mankhwala a opaleshoni, mutu sunakhazikike. Ndinakweza langa. Tinatero masiku angapo, dzanja uku, dzanja uko.

Nditaona kuti watuluka ndipo ndodo ija sakuifunanso, ndinakhala pa mpando wa Boma, ndinayala kapepala pa bondo, ndinayamba kusaka zilembo chimodzichimodzi. Tiyi anazizira kawiri. Liwu lija unalisiya ndinalipeza ndekha, aphunzitsi athu ankalitchula kawirikawiri akandiona. Ndinatumiza.

Yankho linabwera mawa lake, lalitali, loposa Chizungu changa. Ndinaitanitsa Sipanala. Anabwera ndi manja a girisi, anapukuta pa buluku, anakhala pansi n'kuyamba kundimasulira. Atafika pakati anaima, anayang'ana kudenga, ndipo ndinachita kumugwedeza kuti apitirize.

Si iye, Namzeze. Ndi mwamuna wake, uja wosadziwa kuphika dzira. Ambulera sanatuluke m'chipatala. Bamboyo akuti mkazi wake polowa anamupatsa sileti n'kumuuza kuti, "Ndikachedwa uzikathirira kwa mnzanga, wangochira kumene, asatope." Atamwalira, iye analowa kuti adzanene, koma ataona kamayi ka chipewa kakumukwezera dzanja, mawu anamuthawa. Anaopa kuti mayi wongochira kumene angabwerere m'chipatala ndi chisoni. Ndiye anangokweza dzanja.

Taganiza. Nkhalamba ziwiri, wina kuno wina kaya kuti, aliyense wabisala kumbuyo kwa mkazi wake womwalira, kumapatsana moni mwaulemu kuti mnzake asadziwe za imfa. Ndinaseka, mwana wanga. Ndinaseka mpaka Sipanala anandigwira mapewa, ndipo sanandisiye msanga.

Bamboyo akuti mkazi wake analowa m'chipinda cha opaleshoni akumwetulira, akunena kuti mnzake anadutsa njira yomweyo. Sanandithokoze, sanandidzudzule. Kaya ndinachimwa kaya ndinathandiza, ndikafunsa Boma ndikafika, poti iwo sanasowepo chigamulo.

Sileti Sipanala sanatenge. Ndinamupatsa, iye anaibweza pa mpando ngati yotentha. Wasintha dzina lija, kuti belu lako lisamanamenso. Tsopano uziona kuti Lumo wabzala kabichi. Anafuna kusinthanso kamayiko kuti aikepo kabambo ka dazi, ndinamumenya dzanja. Mnzanga uja nayenso ambulera sanaichotse. Ndiye m'mawa uliwonse amayi awiri amaima pampanda, akupuma, ndipo kumbuyo kwawo kuli amuna awiri amene akuthirira njira.

Chizungu chake n'chothyoka ngati changa, zikuoneka kuti nayenso si cha kwawo, choncho timamvana bwino. Dzulo wandifunsa funso limene ndalimva popanda Sipanala. Akuti nsapato za mkazi wake zili pakhomo pomwe anazivulira, ndipo akamasesa amazizungulira. Akufunsa kuti ine ndinatani nazo za amayi ako.

Ndiye nditumizire kapepala kena, zilembo zazikulu ngati kale. Ulembe kuti: zisiyeni pomwepo, bambo, za mkazi wanganso zili pakhomo.

Ndine bambo ako.